Asipulini wa a Anti ndi Nkhuku za Atate

Agogo anandilera ndi ndagi, ndiye ndiyambe ndi yangayanga. Kanthu koyera, kakang'ono ngati batani la shati, kalibe pakamwa, koma kanaitanitsa msonkhano wa banja lonse Lamulungu masana. N'chiyani? Musavutike, ndikuuzani ndekha, ngakhale kuti ndikaikumbuka nkhaniyi ndimafuna kubisa mutu m'ndowa.

Chaka chimene migodi inagulitsidwa, Atate anali m'gulu la anthu amene analandira kalata yakuti ntchito yatha. Tinachoka m'nyumba ya kampani n'kukachita lendi ku Buchi. Atate, amene anagwira ntchito pansi pa nthaka kuyambira ndisanabadwe, anaganiza zoyamba bizinesi ya mazira. Anagula anapiye oyera fifite kwa munthu wina pamsika, otchipa modabwitsa, n'kuwamangira khola la malata kuseri kwa nyumba. Ntchito yowapatsa madzi inali yanga.

Nthawi yomweyo amalume a Fabiano, mlongo wawo wa Amai, anabwera kudzakhala nafe kuchokera ku Masala, fakitale yawo ya ku Ndola itatsekedwa. Anabwera ndi akazi awo, a Anti Jesita. Anali atakhala m'banja zaka six opanda mwana. Agogo anali atabwerera kumudzi ku Katete, koma kalata yawo iliyonse inkathera pa funso lomwelomwelo, ndipo funsolo linkaloza a Anti.

Tsiku lina ndikusesa kuchipinda kwawo ndinapeza a Anti akumeza kapiritsi. Ndinafunsa ngati mutu ukuwapweteka. Anatseka chitseko n'kundiuza monong'ona kuti anapita padera kawiri, ndipo palibe akudziwa kupatula amalume. Adokotala atawapima anawalembera asipulini wamng'ono, osati uja wa mutu wogula pakantemba, kamodzi patsiku, kuti magazi aziyenda bwino ndipo mimba ikabwera ikhazikike.

"Agogo ako asamve, Misozi. Sindikufuna aziwerenga miyezi limodzi nane."

Ndinalumbira, chala kumwamba.

Nkhuku zinafika miyezi four, dzira osaoneka. M'mawa uliwonse Atate ankalowa m'khola ndi mbale, n'kutuluka nayo yopanda kanthu, kenako n'kukhala pampando panja mpaka masana. Zinkandipweteka mtima. Tsono vuto langa ine ndi lakuti chilichonse ndimachiona ngati ndagi yofuna yankho. Tsiku lina m'kalasi ya Maths, maso ali pawindo, yankho linabwera lokha. Dzira ndi mwana wa nkhuku. Mwana akamavuta kubwera, mankhwala ake ndinkadziwa pamene amasungidwa.

Ndinatenga kapepala kamodzi ka mapiritsi m'chitini cha a Anti. M'mawa uliwonse ndinkaphwanya limodzi ndi supuni n'kulisungunula m'madzi a nkhuku, n'kuwonjezerapo Tikuoneni Maria mmodzi kuti zigwire bwino.

Patatha sabata nkhuku zinayamba kukoka makosi n'kumatulutsa mawu osasa ngati zatsamwa. Ndinadziwiratu kuti mazira ali m'njira. Ndinakweza dozi kufika awiri. Ndinkadziona kale nditavala khoti loyera, alimi a Copperbelt yonse ali pamzere pakhomo pathu, Atate akuwauza kuti uyu ndi mwana wanga woyamba.

Lachisanu Agogo anatulukira ndi thumba la mtedza, osalemba n'komwe kalata. Loweruka Amai akuchapa yunifolomu yanga anapeza kapepala kaja m'thumba. Anafunsa a Anti, poti ndiwo ankapitapita kuchipatala, ngati akuwadziwa mapiritsi amenewa. A Anti anali atawafunafuna masiku angapo mpaka kukayikira amalume. Sakanatha kunama. Anafotokoza zonse, Agogo ali pomwepo akusenda mtedza.

Pa zonsezo Amai anamvapo chinthu chimodzi chokha: mankhwala a munthu wofuna mimba, m'thumba la mwana wa Giredi 9.

Lamulungu titachoka ku Misa anandikhazika pansi pakati pa sitingirumu. Atate, Amai, Agogo, amalume ndi a Anti anakhala mozungulira. Mng'ono wanga Tisa, wa zaka five, anathamangitsidwa katatu koma anathera pansi pa tebulo. Amai anali atampeza kale wolakwa, kondakitala wa minibasi amene amandiitana kuti "ba sista" n'kumandisungira mpando wa kutsogolo.

"Ndi uja wa minibasi?"

"Ayi, Amai."

"Nanga ndani? Kapepala aka katsala pang'ono kutha. Wamwa iwe?"

"Sindinamwe ine."

"Wamwa ndani?"

"Nkhuku."

Amalume anatuluka panja kukatsokomola. Atate anati ndibwereze m'Chibemba, mwina Chinyanja chandisokoneza. Ndinabwereza, ndipo sizinamveke bwinoko. Ndinafotokoza za supuni, za Tikuoneni Maria, za mawu osasa aja amene ankasonyeza kuti mankhwala akugwira ntchito.

Agogo anadzuka n'kulunjika kukhola, tonse tili pambuyo kupatula a Anti. Anasuzumira kamodzi kokha. Popeza mwaulemu salankhula ndi mkamwini wawo maso ndi maso, anatembenukira kwa Amai.

"Uwauze abambo a Misozi kuti awa ndi atambala okhaokha."

Amai anayang'ana pansi. Zinadziwika kuti iwo anazindikira mwezi wathunthu m'mbuyomo. Amai a nyumba yoyandikana nayo ankadziwa, ngakhale wogulitsa makala ankadziwa. Palibe amene analimba mtima kuwauza Atate, munthu woti khola lija ndi lokhalo linkamudzutsa m'mawa. Osadziwa tinali awiri, Atate ndi dokotala wawo.

Atate anayang'ana nkhuku zawo nthawi yaitali. Kenako mapewa anayamba kugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira, koma ankaseka, koyamba chichokereni kumgodi.

"Misozi, iwe ndi ine tisamayandikire ziweto."

Ine kuseka kunandikanika. A Anti anali atatsala okha pakhonde, manja ali pamiyendo, chinsinsi chawo chili pabwalo chifukwa cha ine. Ndinapita kukagwada kupepesa, koma sanandiyang'ane. Agogo anabwera n'kukhala pambali pawo, pafupi kwambiri.

"Kawiri, mwana wanga? Ine n'kumangokulembera makalata?"

A Anti anangogwedeza mutu. Agogo analamula kuti Lolemba amalume akwere minibasi kukagula mapiritsi ena ku kemisiti m'tauni, ndipo chitinicho azisunga a Anti pamalo pamene madokotala a nkhuku safikapo.

Phunziro langa ndi limodzi basi: usanayambe kuchiza wodwala, uyambe waona ngati ndi wamkazi.

Madzulo ake tinadya mmodzi wa odwala anga. A Anti anali asanandilankhulebe, koma anandipatsa chiwindi. Tonse tikutafuna, Tisa anaika fupa pansi n'kuwerenga pa zala zake zamafuta.

"A Anti amamwa. Atambala amamwa. Nanga amalume amamwa liti?"