Wotchi ya Madamu Inayankhula mu Tchalitchi

Anzanga, matama si abwino. Mpaka lero ndikatsika takisi pa Wynberg ndimayenda choweramitsa nkhope, kuopa kukumana ndi wa kumpingo kwathu.

Ine Esinati ndimakhala ku Imizamo Yethu, ntchito ndimagwira ya m'nyumba ku Hout Bay konkuno. Madamu anga amasunga amayi awo okalamba, ndipo agogo amenewa zipangizo zawo zimangosinthasintha. Poyamba ankavala kabatani m'khosi ngati mkanda, koti akadwala adine. Kenako kunabwera wotchi yowerenga kugunda kwa mtima, tulo, zonse. Atawagulira ina yatsopano, yakaleyo madamu anandipatsa ine. Anafotokoza zambirimbiri m'Chingerezi chothamanga chija, ine ndikungoti "eya madamu, eya madamu," koma maganizo ali kutali: amayi a kwaya akaiona ati bwanji?

Lamulungu ndinavala dala bulauzi ya manja aafupi, kunja mphepo ikuwomba yozula denga. Poimba, dzanja lokwera m'mwamba linali lamanzere lokhalokha. Amayi a Tadala, mnzanga wa kwathu ku Ntcheu, anandinong'oneza, "Amwali, chimenecho n'chiyani?"

"Adokotala anga amenewa," ndinatero, "ndimayenda nawo."

Ndiye tsiku limenelo kunabwera mlaliki wachilendo. Anaitana ofuna pemphero, tinandanda kutsogolo. Akangogwira munthu pamutu, pansi! Wotsatira, pansi! Atafika pa ine anapemphera, anandikankhako pang'ono, koma ine sindikumva kalikonse, ndikungomva njala. Ndiyang'ane uku, onse agona. Uku, onse agona. Ndiime ndekha ngati mtengo wa magetsi? Anthu ati ndili ndi chiyani mumtima? Basi ndinatsinzina n'kudzigwetsa chagada. Osadziwa kuti mayi wowakha anthu kumbuyo wapita kukatenga nsalu zofunditsa. Phiii! Pasimenti.

Ndili chigonere, wotchi ija inayamba kunjenjemera pamkono. Kenako pi-pi-pi-pi! Nditsegule maso bwanji, poti ndili mu mzimu? Ndinati isiyeni, itopa yokha. Inakhaladi chete, koma mwadzidzidzi mawu achizungu anaphulika pamkono panga: "Esinati! Esinati! Uli moyo? Yankhula!"

Kani wotchiyo, woivala akagwa osadzuka, imaimba yokha foni kwa madamu!

Kwaya inadukiza nyimbo. Amayi a Tadala anathawira kuseri kwa mipando. Mlaliki anabwerera chothamanga, maikolofoni m'manja. "Mwamva? Chiwanda chayamba kuyankhula! Ndipo n'chophunzira!" Naye anatembenukira ku Chingerezi, "Iwe, dzina lako ndani?"

Madamu anatchula dzina lawo bwinobwino, n'kufunsa, "Nanga inu ndinu ndani? Mukumuchita chiyani wantchito wanga?"

"Wantchito wako?" mlaliki anakuwa. "Lero ntchito yatha! Sadzakutumikiranso! Tuluka!"

Mayo ine! Ntchito yanga ikutha ndikumva ndi makutu anga? Mzimu unandithera pomwepo. Ndinadzambatuka, duku lili pambali. "Abusa, chonde, si chiwanda chimenechi, ndi abwana anga!"

Bambo wina kumbuyo anati, "Mwamva? Wavomera yekha."

Ndikulimbana ndi kufotokoza, wotchi ikuyankhula, mpingo ukupemphera mokweza, kunja kunalira ambulansi. Madamu anali ataona kale pafoni pomwe ndagwera n'kuitanitsa ambulansiyo. Analowa mayi wa Chixhosa wovala yunifolomu, chikwama m'manja, n'kundifunsa pamaso pa mpingo wonse, "Sisi, munakomoka kapena munagwa bwanji?"

Mukanakhala inu mukanayankha chiyani? Ndinene kuti ndinagwa dala, abusa ali pomwepo? Ndinene kuti ndi mzimu, madamu akumva pamkono? Ndinangoti, "Chizungulire."

Basi anandigoneka pamachira, n'kundinyamula kudutsa pakati pa tchalitchi, amayi a Tadala akunditsatira ndi nsapato yanga imodzi. M'ambulansimo mayi uja anandiyeza BP, shuga, maso, n'kupapasa chotupa cha kunkhongo. Anayang'ana kuchitseko, n'kuyandikira khutu langa.

"Sisi, mtima wanu ndi wabwino kuposa wanga. Inenso ndine wa mpingo wotere. Ulendo wina, mzimu usanakugwireni, muziyamba mwacheuka."

Kuyambira tsiku limenelo ndinalumbira, anzanga. Mlaliki andikankhe ndi manja awiri, aitane ndi madikoni amuthandize, ine ndimaima nji!