Msuzi wa Mtedza wa Don Aurelio

Inu, sendererani kuno, basi ichedwa ndithu. Ine ndimagulitsa mabuku akale pachipata cha yunivesite kuno ku Cochabamba. M'kalasi sindinapondemo, koma madandaulo onse a aphunzitsi amathera patebulo langa.

Chaka chatha akuluakulu analamula kaphunzitsidwe kotembenuza: mphunzitsi ajambule phunziro pakanema, ophunzira aonere kunyumba, m'kalasi azingobwera kudzafunsa ndi kukambirana. Aphunzitsi anagawikana. Achinyamata anati zafika pa nthawi yake. Wa masamu ankaopa kuti ana azimufulumizitsa mawu mpaka kumveka ngati khoswe. Koma amene anafufuma kwambiri ndi Don Aurelio Zapana, a mbiri yakale, munthu woti akayamba kulankhula ngakhale ntchentche imaodzera.

"Ineyo, a Fermín, andiike m'foni ngati nyimbo ya paukwati?" anandifunsa.

Ndinawakumbutsa zimene mkulu wawo, Doctora Ninoska, ananena poyera: amene kanema wake sadzaoneredwa, kalasi yake ipita kwa wina. Kalasiyo Don Aurelio anakalamba nayo.

Yunivesite ili ndi chipinda chojambulira, koma iwo anati sangauzidwe poima ndi tiana tobadwa dzulo. Anagula kwa ine choimikira foni cha miyendo itatu, atanenerera mpaka ine, katswiri wa kunenerera, thukuta kamukamu. Mwendo umodzi unali waufupi. Pa ndalama imeneyo, inu, miyendo yofanana sindigulitsa. Paja akuluakulu anati wokonda zotchipa amakhala tsonga pampando.

Anayamba kujambulira padenga lafulati la nyumba yawo, poyanika zovala. Galu wa padenga la aneba anauwa phunziro lonse la Nkhondo ya Chaco, kuyambira chipolopolo choyamba mpaka kusainirana mtendere. M'mawa mwake inadutsa galimoto yogulitsa gasi ikugogoda masilinda. Atayesanso, mphepo inawaphimba kumaso ndi siketi ya akazi awo. Basi anathawira kukhitchini, navala jekete ndi tayi, nalamula mayiwo, Doña Celmira, kuti aziphika mwakachetechete.

Tamverani tsono. Choimikira chija chinapendekeka, foni n'kujambula khutu limodzi la Don Aurelio ndi kaphewa, kwinako konse Doña Celmira akuphika msuzi wa mtedza. Ndinawalangiza kuti ayambe aonera asanatumize. Anati zimene ananena akuzidziwa.

Lolemba kalasi inadzaza, ena atasuzumira m'mawindo, manja ali m'mwamba ngati ngayaye za chimanga. Don Aurelio, misozi ili lengelenge, analoza mtsikana wa kutsogolo.

"Aphunzitsi, mtedzawo amayi amayamba aunyika, kapena amangosinja wouma?"

Wina anafunsa za mbatatesi yokazinga ya pamwamba. Wina anati kwawo saphika chotero. Mkangano unabuka, a ku mzinda wa Sucre kulimbana ndi a kuno, mwini kalasi akungotembenuza khosi ngati nkhuku yachilendo. Doctora Ninoska podutsa pakhonde anamva phokosolo, nati chiyambire sanaonepo ophunzira akukambirana ndi mtima wonse chotero. Analamula kuti kalasi ikhalebe ya Don Aurelio, bola makanema otsalawo ajambulidwe chimodzimodzi.

Dzulo ndinakumana ndi Doña Celmira kumsika, tsitsi atakonzetsa, akusankha tsabola wooneka bwino yekhayekha. Ndinawafunsa kuti ntchito ya kuyunivesite ikuyenda bwanji.

"Ikuyenda, a Fermín," anatero. "Kungoti bambo aja amandisokosa ndikamaphunzitsa."