Papirika wa m'Balani

Lolemba

Katatu! Bambo a Tadala anaonjezera nyemba katatu dzulo kwa Naphiri. Ndinawerenga. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikuwaphikira munthuyu, ndipo chiyamikiro chachikulu chimene ndinalandirapo ndi "mchere wakwana." Koma dzulo, pa msonkhano wa mphakati, pamaso pa Akhristu onse, akunyambita chala n'kumati, "A Naphiri, kodi mwabisamo nyama yowamba m'nyembamu?"

Mulibe nyama. Muli kaufa kofiira ka m'kabotolo kotalika ngati chala, kamene amuna ake oyendetsa thiraki anamugulira ku Lusaka. Akuti ndi papirika wofukiza ndi utsi.

Papirika! Ine amene ndimalima papirika chaka chachisanu ndi chiwiri chino. Matumba anayi ali kuchipinda, ouma bwino, akudikira ogula. Sindinamulawepo n'kamodzi komwe. Ife timangodziwa kuti ndi mbewu yogulitsa, ngati thonje. Ndani amadya thonje? Naphiri, wokhala kuseri kwa mpanda wangawu, alibe ngakhale mzere umodzi wa papirika, koma ndiye akutchuka naye.

Zopweteka zenizeni ndi izi. Lamulungu likubwerali Bambo Mfumu akubwera kuchokera ku Ludzi kudzachita Misa, ndipo ophika ndi mphakati wathu. Mphika wa nyemba ndi wanga. Wakhala wanga zaka zisanu ndi zinayi, palibe amafunsa. Dzulo Mai Tcheya a mphakati akupukuta pakamwa n'kumati, "Za nyembazo tikambirana Loweruka."

Tikambirana chiyani?

Ndondomeko yanga:
1. Kufukiza papirika wanga.
2. Kusinja.
3. Kuphika nyemba zoti Mai Tcheya aiwale dzina la Naphiri.
4. Kuyang'ana nkhope ya Naphiri.

Nambala 4 ndiye ndikuidikira kwambiri.

Lachiwiri

Ndapita kwa Naphiri kukabwereka sefa. Sefa ndili nayo, ziwiri.

Kabotolo kali pa shelefu pafupi ndi chithunzi cha ukwati, ngati nakonso n'kachibale. Sindinafunse kanthu. Wayamba yekha, tsopano ndi dokotala:

"Achemwali, muli vitamini A, wothandiza maso ndi khungu."
"Achemwali, mulinso ka ayironi koonjezera magazi, koma pang'ono, musasiye bonongwe."
"Achemwali, sawawa ngati kambuzi, ana amadya."
"Achemwali, pa mazira, pa tchipisi, popaka nkhuku musanaotche, ngakhale mu chigwada."

Achemwali, achemwali. Mwezi wathawu munthu yemweyu anapsereza phala la maliro.

Akuti amuna ake anawerenga pafoni kuti kumene amapanga zimenezi amaumitsa tsabolayo pa utsi wa nkhuni zolimba, pang'onopang'ono, sabata ziwiri. Sabata ziwiri! Ine ndili ndi masiku asanu. Koma azungu ndi ozizira, sadziwa kusonkha moto.

Potuluka wandigwira mkono. "Tengani supuni imodzi mukayese, ndikuuzeninso mathiridwe ake." Ndati zikomo, kwathu sitinazolowere zachilendo. Ndatuluka mutu uli m'mwamba, sefa ili m'khwapa.

Masana: papirika manja awiri pa waya uja timawambira mbewa. Pansi zitsononkho zambiri. Moto wabwino, wachangu.

Madzulo: makala. Makala ooneka ngati papirika, onunkha mbewa. Ndakwirira kudzala bambo a Tadala asanaone. Palibe vuto, matumba alipo anayi.

Lachitatu

Mulungu sataya wake!

Bambo a Tadala apita ku maliro ku Mlonyeni, abwera mawa madzulo. Andisiyira balani ya fodya wawo wa chikopa. Mawu awo pochoka: "Mungoyang'anira moto usayake malawi. Musakhudze china chilichonse m'menemo."

Ndalowa, ndaima, ndayang'ana. Zikuni zikufuka pansi mwakachetechete. Malawi palibe. Utsi ukukwera pang'onopang'ono kudutsa m'masamba a fodya. Nkhuni zolimba. Kodi si zomwezi zimene amuna a Naphiri anawerenga pafoni? Fakitale yonse ili kuseri kwa nyumba yanga, ine n'kumasirira kabotolo!

Ndatunga papirika pa ulusi wa thumba, mikanda isanu ndi umodzi, n'kupachika pa mikangala pakati pa fodya. Sindinakhudze fodyayo. Ndangomusuntha pang'ono. Kusuntha si kukhudza.

Popeza sabata ziwiri ziyenera kulowa mu tsiku limodzi ndi theka, ndaonjezera zikuni ziwiri ndi masamba aawisi. Utsi ukutuluka mpaka m'denga. Naphiri wakuwa ali kwawo: "Achemwali, kwapsa kodi?" Ndati ayi, fodya wa chaka chino ndi wouma mutu.

Tsiku lonse ndikungoyeserera mumtima zimene ndidzayankhe Bambo Mfumu akadzafunsa wophika. "Aa, Bambo, ndi kanthu kakang'ono ka m'munda mwanga momwemo." Ndidzaweramitsa mutu. Mawu oti "m'munda mwanga" ndidzawakweza pang'ono kuti akafike kumene Naphiri wakhala.

Lachinayi

Ndatsitsa m'mawa. Kukongola kwake! Wofiira modera, wonyezimira, wothetheka ukamugwira. Fungo: utsi weniweni. Pansi pa utsiwo palinso kafungo kena, ngati jekete ya malemu agogo aamuna. Kadzatha posinja.

Kusinja.

Palibe anandiuza za kusinja.

Musi woyamba, bwino. Wachiwiri, bwino. Wachitatu fumbi lofiira lakwera, ndipo kuyambira pamenepo sindikukumbuka bwino. Zimene zachitika:
kuyetsemula kosawerengeka,
misozi,
mamina ofiira (ndinaopa, kenako ndinakumbukira),
nkhuku zonse zathawira kwa Naphiri, nazonso,
mpango wanga woyera wa kutchalitchi, umene unali pa chingwe, tsopano ndi wa mtundu wina.

Ati amathandiza maso. Anga atupa ngati andiluma njuchi.

Ndili pakati pa kuyetsemula, Naphiri uyo pa mpanda, mandimu atatu m'manja. "Chimfine chimenechi musachilekerere, achemwali, mumwe ndi madzi otentha." Maso ake ali pa mtondo. Ndaimirira kutsogolo kwa mtondowo n'kutambasula chitenje ngati ndikuchikonza.

Chimene chimanditopetsa mwa mkaziyu ndi ubwino wake. Munthu woipa umadana naye n'kugona tulo. Nanga wokubweretsera mandimu umutani? Ndamwa mandimuwo. Athandiza. Zandikwiyitsanso.

Ndasefa ndi sefa yake. Ufa wadzaza botolo la kofi lonse, kuposa kabotolo kake kasanu. Ndaubisa m'dengu la zovala.

Bambo a Tadala afika otopa, sanalowe m'balani. Angondiyang'ana maso n'kunena kuti samadziwa kuti malemuwo ndinkawakonda chonchi.

Lachisanu

Tsiku loyesa. Nyemba zabwino, za m'munda, zapsa mpaka kufewa.

Naphiri amathira kasupuni kamodzi chifukwa chake n'chogula. Ine changa n'cholima. Mafuta atentha mpaka kufuka, ndathira masupuni anayi aakulu, kuti ngati iye anawaonjezeretsa katatu, ine akhale kasanu.

Ufa wachita thovu, wada nthawi yomweyo. Khitchini yonse utsi. Ndathira nyemba msangamsanga kuti zibise.

Sizinabise.

Bambo a Tadala apana nyemba, aika m'kamwa. Atafuna. Asiya kutafuna. Ayang'ana kudenga nthawi yaitali ngati akuwerenga mapaso. Amwa madzi kapu yonse.

"Mayi a Tadala, kodi munagwetseramo ndudu?"

Ndalawa. Kuwawa kwake ngati mankhwala a malungo. Ndati mwina ndi nyembazi, mvula ya chaka chino. Iwo adya nsima ndi mchere, kenako apita kubalani. Patapita kanthawi abwera atanyamula papirika mmodzi amene anatsalira pa mkangala. Amuika patebulo pakati pathu.

"Balani si khitchini."

Basi, mawu atatu. Akanakalipa bwenzi ndapeza poyankhira.

Ndiye zadziwika: fodya walowa mu ufa wanga, waonongeka wonse. Masiku anayi, maso otupa, mpango wapita. Botolo ndikataya kuchimbudzi mawa. Pa ndondomeko ija nambala 3 yafa. Nambala 4 yafera limodzi.

Ndakhala pakhonde ndikumva fungo la anyezi kuchokera kuseri kwa mpanda. Bambo a Tadala nawonso akumva. Ndaona mphuno yawo ikutembenukira komweko.

Loweruka

M'mawa, msonkhano pansi pa mtengo wa mango wa kutchalitchi. Mai Tcheya agawa ntchito osandiyang'ana:
nkhuku, iwo eni;
mpunga, Mai Zulu;
nyemba, Naphiri;
kabichi ndi kutsuka mbale, ine.

Kabichi! "Inu mwatumikira nthawi yaitali, mupumeko," atero. Amayi onse aomba m'manja kundithokoza. Nanenso ndaomba. Ndamwetulira mpaka masaya kuwawa. Pobwerera ndinadzera njira ya kudambo kuti ndilire bwino popanda wondifunsa. Zaka zisanu ndi zinayi, ndipo wandichotsa ndi kabotolo.

Masana, odi pakhomo. Naphiri, nkhope yagwa, kabotolo m'manja. Kopanda kanthu! Katsala kafumbi kokha pansi. Akuti anapatsako aliyense wopempha sabata yonseyi, poganiza kuti amuna ake abweretsa kena lero. Amuna akewo aimba foni, thiraki ili pa mzere kuchipata cha m'malire, mapepala a katundu sanatheke, mwina Lachiwiri.

"Achemwali, ndinaona zofiira mumtondo mwanu tsiku lija. Ndithandizeni, ndichita manyazi pamaso pa Bambo Mfumu."

Ndilembe zoona, poti bukuli saliwerenga wina.

Ndinadziwa chimene ufawo unachita kwa bambo a Tadala. Ndinakumbukira kapu ya madzi ija. Ndinalowa m'nyumba, ndinatulutsa botolo m'dengu, ndinalipukuta bwinobwino, n'kumupatsa ndi manja awiri. Ndinati, "Tengani lonse, mnzanga, musaumire."

Wanunkhiza, maso awala. Wandikumbatira. Akuti Mulungu andidalitse.

Nambala 4 yauka kwa akufa!

Koma mtima sukukondwa monga ndimayembekezera. Kabichi ndadula mitu isanu, ndipo wachisanuwo ndadzicheka nawo chala. Mwayi wake mawa kuli wansembe. Ndilapa Misa isanayambe, kapena chakudya chikatha, ndiona pamenepo.

Lamulungu

Ndinaika beseni la mbale pamalo poti ndizitha kuona mphika wa nyemba. Mphika wanga.

Naphiri wakazinga anyezi mpaka afewe. Kenako waphula poto pamoto. Waphula! Wadikira mafuta aleke kulira. Watenga kasupuni ka tiyi, kamodzi ndi theka pa mphika wonse uja, wavundula kangapo, wathira tomato nthawi yomweyo, kenako nyemba. Wandiona ndikuyang'ana. "Akapsa m'mafuta amawawa, achemwali, ndi zimene ndimafuna kukuuzani Lachiwiri lija."

Safunsa anadya phula. Ine ndinadyetsa mwamuna wanga.

Bambo Mfumu: kawiri.
Akatekisiti: kawiri, n'kupempha zotengera kunyumba.
Bambo a Tadala: katatu. Katatunso! Fodya sanamumve. Wawo yemwe.
Kabichi: yatsala theka.

Ndiye ufa unalibe mlandu. Mlandu unali dzanja langa.

Ndimati zathera pomwepo, koma Naphiri waimirira pamaso pa onse. "Bambo, musayamike ine. Papirikayu si wa ku Lusaka. Analima okha, kufukiza okha, kusinja okha mayi a Tadala awo, ndipo ine nditasowa anandipatsa botolo lonse osaumira." Anthu m'manja phuphuphu. Bambo Mfumu akuti chimenechi ndicho chikondi cha pa mnansi chimene amalalikira m'mawa. Ine ndili chiimire, thovu la sopo mpaka m'zigongono. Mawu aja ndinakonza Lachitatu, a "m'munda mwanga," sanatuluke. Ndimangofuna nthaka itseguke.

Mai Tcheya sachedwa kuona mphatso za anthu. Agamula pomwepo: kuyambira lero, pa chikondwerero chilichonse, mayi a Tadala azifukiza ndi kusinja papirika wa mphakati, Naphiri aziphika nyemba. Aombanso m'manja. Bambo a Tadala, pakamwa pali mafuta, alonjeza pagulu kuti andipatsa ngodya imodzi m'balani.

Choncho kuyetsemula ndi kwanga, mphika ndi wake. Mpaka kalekale.

Kulapa ndalapa, chakudya chitatha. Nditawauza zonse, ndinamva ngati Bambo Mfumu akutsokomola, kapena kuseka, sindikudziwa. Andipatsa Tikuoneni Maria atatu. Chilichonse sabata ino ndi katatu.

Potsuka mphika ndinakombako zotsalira, kuseri kwa tchalitchi, popanda wondiona. N'zokoma. N'zokoma kuposa zonse zimene ndinaphika m'zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndi papirika wanga. Sindikudziwa ngati ndinyade kapena ndilirenso.

Naphiri akuti mawa akuphika mazira, ndipite ndikaone mathiridwe. Ndamuuza kuti ndili ndi zochita zambiri.

Koma sefa yake ikadali kuno. Ndikabweza mawa m'mawa, nthawi ya mazira. Poti ndidzakhala ndafika kale, ndingoima pafupi ndi poto.