Geisha wa pa Liwonde ndi thumba lomaliza la fulawa

Lolemba

Mvula yakananso. Chimanga cha kuseri kwa tiyirumu yanga chapota masamba ngati anyezi. Kasitomala lero ndi wakabaza mmodzi, wamwa tiyi wopanda mkaka, mandasi wangowayang'ana n'kumeza malovu.

Thumba la fulawa latsala limodzi, ndiye lomaliza. Likatha ndikhoma chitseko, ndibwerera kumudzi kukadya mango owiritsa ndi anzanga.

Koma ine mtima uli ku Japan. Buku lopanda chikuto lija ndinagula pamsika kuti ndizikulungira mandasi, ndaliyamba kuwerenga. Eee! Muli mtsikana, amtundu wake amawatcha ageisha. Ntchito yake ndi kuthira tiyi. Basi! Kuthira tiyi, kuvina pang'ono, kuseka ataphimba pakamwa. Anthu olemera amachokera kutali kudzangomuona akupendeketsa ketulo. Nanga ine zaka zonsezi ndakhala ndikupendeketsa chiyani?

Nzeru yandifikira ndikusesa. Azungu odutsa pano kukaona njovu sadziwa kuti ndilipo. Pakufunika webusaiti. Mawa ndikwera ya Balaka kukasaka katswiri weniweni, osati ana ongoseweretsa foni awa.

Lachiwiri

Balaka, dzuwa lowamba mtima. Katswiri ndi a Lemani: tayi yofiira, laputopu m'chikwama, kaofesi kogawana ndi wometa tsitsi. Akuti, "Mayi, webusaiti ndi khomo. Ndikangolitsegula, alendo azidzalowa osaleka." Alendo! Mawu amenewa ndawanyamula mosamala ngati dzira.

Za malipiro sitinakanganepo. Ayang'ana pansi, akuti bola azidzagwirira ntchito kwathu, ine ndiziwapatsa tiyi ndi mandasi mpaka webusaiti itatha. Kolala ya malaya awo ikulendewera, khosi linathawamo kalekale. Ndavomera.

Zofunika, malinga ndi iwo:
dzina lokopa
zithunzi
bandulo
magetsi
chipiriro

Chomalizachi ndili nacho.

M'minibasi ndikuwerenga za chipale chofewa chikugwera pamadenga, mtsikana uja akuyenda ndi ambulera ya pepala. Chipale sindinachionepo. Ndikuganiza kuti chimakhala ngati ufa woyera, wina kumwamba akusefa osatopa, ndipo palibe wothamangira ndi chidebe. Ndapitirira siteji yanga, ndatsikira kutsidya kwa Shire, ndabwerera wapansi.

Lachitatu

A Lemani afika m'mamawa. Atsegula laputopu, magetsi athima. Atseka laputopu, atsegula pakamwa. Mayo ine, munthu wowonda chonchi mandasi amawaika kuti?

Dzina tapeza: Kamphepo ka Japan. Ndikalitchula ndikumva kuzizirira kumsana.

Ndikuphunzira mayendedwe. Ndamanga chitenje mothina m'maondo kuti ndiziponya timapazi tating'ono. Kuchoka pa mbaula kufika pa tebulo ndi ulendo. Tiyi ndikuthira pang'onopang'ono, dzanja lina litagwira chigongono, maso pansi. Wakabaza uja akuti, "Mayi, tiyiyu afika m'kapu chaka chino?" Sadziwa kanthu ameneyu.

Mlamu wanga Abiti Juma, wogulitsa matemba pafupi ndi khomo langa, wasuzumira. Ndamuuza zonse. Akuti, "Geisha? Mlamu, si sopo ameneyo?" Ndamuwerengera ndime ya maluwa akugwera pamtsinje. Wamvetsera mpaka kumapeto, kenako wafunsa ngati mitengoyo imabala zodyedwa. Bukuli silikunena.

Magetsi ayaka a Lemani atapita. Thumba lafupika.

Lachinayi

Tsiku la zithunzi!

Chovala chawo amati kimono. Changa:
katani ya kuchipinda
chitenje cha ukwati wa mng'ono wanga
pilo womangirira kumsana
masipoko awiri a njinga m'tsitsi

Chatsala nkhope. Ageisha nkhope imakhala yoyera mbee. Paudala ndilibe. A Lemani aloza thumba ndi mlomo, akuti, "Kamera sidziwa kusiyanitsa, mayi." Ndatapa. Ndatapanso, chifukwa thukuta likukokolola.

Abiti Juma walowa n'kuima chilili. "Subhanallah! Chaka cha sala chino, njala ili pakhomo, ufa kumaso? Wakhoza mayeso ndani? Watuluka kusimba ndani?" Zoonadi, kuno timathirana ufa kumutu pakagwa chimwemwe, nthungululu zili pakamwa. Ndamuuza kuti izi ndi za ku Japan. Akuti ku Japanko ndiye kuti anakolola.

Koma chithunzicho, abale! Sindinadzizindikire. Mayi wina wofatsa, woyera ngati mwezi, ketulo m'manja, wopanda nkhawa ya mawa. Ndamuyang'ana nthawi yaitali, ndamusirira, misozi yalemba tinjira pafulawa.

Wotsala kumaso ndamukutumulira m'beseni. Mandasi a mawa akhala ndi kamchere.

Lachisanu

Webusaiti akuti yatsala pang'ono. A Lemani abwera ndi msuweni wawo woti "ayese ngati ikutseguka pa foni ina." Msuweniyo foni alibe. Mano ali nawo.

Pofuna kuitanira malonda, katswiri watumiza chithunzi changa m'magulu onse a pafoni, pansi pake walemba: "Za ku Japan zafika pa Liwonde! Bwerani nonse mudzalandire." Ndafunsa kuti adzalandire chiyani. Akuti, "Chisangalalo, mayi. Ndi chinenero cha malonda."

Thumba tsopano likukhala pansi lokha ngati nkhalamba yotopa. Ndikaligwira ndikumva msoko wa pansi.

Komabe mawa alendo. Ndatsuka makapu onse ndi phulusa, ndabwereka benchi, ndaika nthambi ya bogenivila m'botolo. M'buku mtsikana uja nayenso akudikira mlendo wina wake, wakhala pamkeka, kunja chipale chikugwa. Sindikudziwa ngati abwere, ndili pakati penipeni. Ndikuona kale galimoto zoyera zitandanda pakhomo, azungu akuvula nsapato, ine ndikuwerama, Shire akuyenda phee ngati mtsinje wa m'bukumo. Mmodzi akuti, tiyi ngati ameneyu sitinamwepo. Ine ndikuseka nditaphimba pakamwa.

Loweruka

Alendo abwera.

Ndikutsegula chitseko, mzere wafika kumsewu. Amayi okhaokha, ana kumbuyo, m'manja matumba opanda kanthu, zidebe, mabeseni. Ena a ku Ntaja, ena a ku Machinga, ena akuti alawirira kuchokera mbali ya Ulongwe. Mbiri yamveka kuti a Japan akugawa ufa pa tiyirumu, wochuluka mpaka wogawayo wachita kudzola kumaso.

Ndasaka a Lemani. Ndaona tayi yofiira ikukhota pa kona, pa kabaza.

Ndaima pakhomo, pilo kumsana, masipoko m'tsitsi, ndafotokoza. Za buku, za tiyi, za webusaiti. Ndimayembekezera kutukwanidwa, mwina zikanandipepukira. Iyayi. Mayi wina wachikulire wa mpango wobiriwira wapinda thumba lake bwinobwino, akuti, "Ndiye kuti palibe, mwanangu?" Mawu ake ofatsa, ngati akupepesa iyeyo.

Manyazi andigwira, chisoni chandipyoza. Ndamasula pilo, ndakoleza mbaula. Abiti Juma wangosamba m'manja n'kuyamba kukanda. Takhuthula thumba lonse, talitembenuza, talikutumula. Timandasi tating'ono ngati mazira a nkhunda kuti tikwanire.

Pokulungira pasowa. Ndayang'ana buku. Ndayamba kung'amba chakumapeto, masamba amene sindinawerenge. Aliyense kandasi kake m'tsamba lake. Ambiri sanadye, amangirira pa chitenje kuti akapatse ana kunyumba.

Tiyi ndathira pang'onopang'ono, kapu ikuyenda dzanja ndi dzanja. Palibe wadandaula kuti ndikuchedwa.

Lamulungu

Thumba ndalichapa, lili pachingwe. Makapu ali m'katoni. Benchi ndabweza.

Uthenga wa a Lemani walowa: webusaiti yatheka, ndipo alendo ayamba kale kulowa, wina mpaka wochokera ku Japan kwenikweniko! Ndathamangira pakhomo. Mbuzi yokha. Ndawaimbira, ndipo andimasulira kuti alendo a pa webusaiti amalowa ali kwawo, amangoyang'ana n'kutuluka. Sakhala pansi, samwa tiyi. Akanandiuza Lachiwiri! Afunsanso ngati kwatsala mandasi.

Ndiye kwinakwake ku Japan kuli munthu waona mayi wa pa Liwonde atadzola chakudya kumaso. Kaya waganiza chiyani.

Buku latsala theka lomwe ndinawerenga kale. Mtsikana uja akadali pamkeka, akudikira. Mathero ake ali ku Ntaja, ku Machinga, ku Ulongwe, onona mafuta, mwina ayatsira kale moto. Ngati mlendo wake anabwera, akudziwa ndi amayi aja.

Mawa ndikwera ya kumudzi. Kumwamba kwayera mbee, sikukugwa mvula, sikukugwa chipale.

Masamba a tiyi anatsala pang'ono pansi pa chitini. Ndawiritsa, shuga palibe. Abiti Juma wavula masilipasi pakhomo osauzidwa, wakhala pamkeka. Ndagwada, ndagwira chigongono, ndapendeketsa ketulo pang'onopang'ono mpaka dontho lomaliza.

Wamwa, waika kapu pansi. Akuti, "Mlamu, koma mumathira bwino."