Handibuleki ya Kafosholo ndi Mafuwa a Apongozi

Mpaka lero sindifuna kumva mawu akuti handibuleki. Anzanga a pabawo amazidziwa zimenezi, ndiye ndikangoyamba kuwadya nkhomo mmodzi amati, "Handibuleki, achimwene," basi nzeru zonse balala.

Nthawi imeneyo ndinali mkamwini ku Mlonyeni, kwao kwa mkazi wanga, amake Chisomo. Chikamwini nchokoma kuchimva kwa anzako. Munda si wako, mbuzi si zako, ngakhale kutsokomola umayamba wayang'ana uku ndi uku. Mtima wanga wonse unali pa chitengwa, ndiye kuti kutenga mkazi ndi ana kukakhala nawo kwathu ku Dambe. Amalume ake a mkazi wanga, eni mbumba, anali atanena kale kuti adzavomera ndikadzapeza ntchito yeniyeni, osati zomata machubu a njinga pansi pa mtengo wa mango zimene ndinkachitazo.

Chinali chaka cha zisankho, matipate atakhazikika, pamene phungu wathu (dzina sinditchula, akadali moyo ndipo ali ndi achibale kupolisi) anakumbukira mwadzidzidzi kuti ku Mlonyeni kuli msewu. Anatumiza pa lole kamakina kakuti akonzere msewuwo. Kanali kafupi, kamatayala anayi, kopanda chiwongolero, koyendetsa ndi ndodo ziwiri, ndipo kutsogolo kanali ndi chifosholo chachikulu. Anthu anangokatcha kuti kafosholo. Dalaivala wa lole anakatsitsa, anakaimika pamtunda pafupi ndi bwalo la mpira, anaponyera atcheya a chipani kiyi, n'kuthamangira ku Chipata kukagula zake.

Atcheya atafunsa ngati pamudzi pano pali wodziwa kuyendetsa makina, dzanja langa linakwera lokha. Ndinanena kuti ndinayendetsapo thirakitala ku esiteti ya fodya cha ku Kachebere (zoona zake, malo anga anali pangolo kumbuyo, ndipo chiwongolero ndinkachigwira dalaivala akaledzera). Atcheya anati ndikaonetsa luso pamsonkhano wa mawa lake, Olemekezeka andilemba ntchito yoyendetsa kafosholo mpaka msewu ukafike ku boma. Amalume anali pomwepo ndipo anamva ndi makutu awo. Ine Dambe ndinayamba kumuona pafupi.

Ndinakwera. Pamwamba pa mpando panali chitsulo chopinda chokutidwa ndi siponji, chimene ukachikoka chimatsika n'kukutchinga pamimba. Ndinaganiza kuti nchogwirira azungu amantha, komanso chikanandibisa kwa anthu amene anabwera kudzandiona. Ndinachikankhira m'mwamba n'kuchimanga ndi linya kuti chisandigwere.

Injini inalira bwinobwino. Ndinakankha ndodo zija, kafosholo kanangobuula osasuntha. Patsogolo panga panayaka kanyali kofiira.

"Handibuleki yagwira," ndinalengeza ndi mawu a munthu amene anabadwira m'galaja.

Ndinafunafuna chokoka ngati cha pa thirakitala, kulibe. Panali kabatani kokha, ndipo ndinakadina mpaka chala chinachita dzanzi. Ndinatsegula kabokosi ka mafyuzi, ndinazula imodziimodzi, ndinaiyang'ana padzuwa, ndipo imene sinandisangalatse nkhope ndinaikulunga ndi pepala lasiliva la m'paketi ya ndudu. Palibe chinasintha. Ndinatsuka mitu ya batire ndi madzi otentha. Ndinagogoda apa ndi apo ndi sipanala, poti makina ambiri kwathu kuno amamva akamenyedwa. Kanyali kaja kanangondiyang'ana.

Apa atcheya anali atayamba kale kunong'oneza anthu kuti achipani chotsutsa akalodza kafosholo. Mkulu wina wampingo anakagwira pafosholo n'kupemphera, ndipo wina anati akudziwa munthu kutsidya kwa malire amene amamasula zotere. Ine thukuta linali kamukamu, chifukwa amalume anali atakhala pachitsa, chibwano chili pandodo, akundiyang'ana.

Kenaka ndinamasula chitsulo chopondapo mapazi. Pansi pake ndinapeza kanthu kooneka ngati kachitini, kali ndi mawaya, kakukankhira mphero yachitsulo pamano a zitsulo zozungulitsa matayala. Ndinati eya, mfiti ija ndi imeneyi. Ndinakamasula konse pamodzi ndi mphero yake n'kuponya m'jumbo. Nditakankha ndodo, kafosholo kanadumpha, kanazungulira pamalo amodzi, fumbi koboo, amayi nthungululu. Fosholo yake inakanabe kukwera, koma ndinati zimenezo tiona mawa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma nanga ndikanafunsa ndani pamene katswiri pamudzi ponse ndinali ine?

Ndinakaimika pamtunda pomwe paja, kakuyang'ana kumunsi kumene anthu ankamanga chisakasa cha alendo. Poti handibuleki inali m'jumbo, ndinachita zimene dalaivala aliyense wa dziko lino amachita: ndinaika miyala kutsogolo kwa matayala. Ku Mlonyeniko miyala njosowa, ndi mchenga ndi dambo basi, moti ndinakaitenga pawilibala kumlatho umene unagumuka zaka zammbuyo (umenenso Olemekezeka analonjeza). Inali miyala yabwino, yobulungira, yofanana misinkhu.

Tsiku la msonkhano ndinavala ovolosi yobwereka, ndinaima pambali pa chisakasa pamalo poti amalume azindiona. Olemekezeka anafika dzuwa litapendeka, anakhala pampando wa sofa umene tinanyamula kwa ahedi a pasukulu, kenaka anaimirira n'kuyamba kulankhula pachimkuzamawu. Dongosolo linali lakuti akamaliza, ine ndikwere kafosholo n'kutapa dothi loyamba.

Nditaponya maso kumtunda, ndinaona zoopsa. Apongozi anga aakazi, amene ankatsogolera amayi ophika nyama ya alendo, anali atawerama pamatayala a kafosholo ndi mnzawo. Mbuzi zinali zitachuluka, miphika yochuluka, mafuwa osakwana. Iwo anaona miyala yabwino itangokhala, yofanana misinkhu, ndipo anayamba kuizula umodziumodzi.

Inu a m'tauni mudzati bwanji sunangokuwa. Mvetserani. Chikwatirireni ine ndinali ndisanalankhulepo ndi apongozi anga maso ndi maso. Tikakumana panjira ine ndinkalowa m'chimanga, iwo n'kutembenukira kwina. Ndikafuna kuwauza kanthu, mawu ankadzera mwa amake Chisomo. Ndiye ine, mkamwini wopempha chitengwa, ndiime pagulu, amalume ali pomwepo, n'kukuwa kuti "Inu mayi inu, siyani miyalayo"? Pakamwa panakana. Miyendo ndi imene inaganiza, ndipo inathamanga kukafuna mkazi wanga.

Tsoka lake, amayi onse m'bwalo la gule anali atavala chitenje chimodzimodzi, cha nkhope ya Olemekezeka, duku limodzimodzi. Kulikonse kumene ndinayang'ana Olemekezeka ankandimwetulira kuchokera kumbuyo kwa munthu. Ndinakoka mkono wa mayi wina amene anali mkazi wa atcheya, ndinapepesa, ndinakoka wina amene anandifunsa ngati ndaledzera. Pomaliza ndinawapeza amake Chisomo.

"Thamangani mukawauze amayi asachotse miyala ija."

"Miyala iti?"

"Ya pakafosholo. Fulumirani, chonde."

Anandiyankha akuvinabe kuti ndidikire nyimbo ithe, chifukwa atcheya akuona amene akuvina ndi mtima wonse ndipo pamapeto pagawidwa shuga.

Nyimbo sinathe. Kafosholo kanayamba kutsika, pang'onopang'ono ngati nkhalamba yopita kutchalitchi. Olemekezeka, atafulatira kumtunda, anali pakati ponena kuti chitukuko chikubwera ndipo palibe munthu angachiletse. Anthu ataona makina akuyenda okha opanda dalaivala anaganiza kuti ndi mbali ya dongosolo, ndiye anawomba m'manja, amayi anawonjezera nthungululu. Olemekezeka anayesa akuwombera iwo, anakweza mawu.

Ine ndinathamanga kukakumana nako. Apa mpamene ndinazindikira kuti amene anapanga kafosholo analibe chifundo: khomo lake lili kutsogolo, umalowa podumpha fosholo. Ndinazungulira kumbuyo, ndinagwira chitsulo, ndinakanikiza zidendene pansi. Kanandikoka ngati mbuzi yopita kumsika, nsapato imodzi inatsala m'njira. Pamene anthu a m'chisakasa ankazindikira kuti dongosolo ili si lawo, fosholo inali itafika pamzati wapakati.

Denga la udzu linatsika mwaulemu n'kuphimba alendo onse. Kafosholo kanaima katakanikiza sofa ya ahedi pachitsa. Palibe anavulala, tithokoze Mulungu, koma chimkuzamawu chinali chikugwirabe ntchito, ndipo mawu amene anatuluka pansi pa udzuwo sanali a m'mfundo za chipani. Mudzi wonse unawamva mpaka kudambo.

Atawatulutsa, udzu uli m'tsitsi, Olemekezeka analengeza pomwepo kuti ine ndinatumidwa ndi otsutsa. Ine, amene ndinanyamula sofa pamutu. Zinandiwawa kwambiri, ndipo zimandiwawabe.

Makanika amene anabwera kuchokera ku Lilongwe kudzatenga kafosholo anabwezera kachitini kaja, anataya pepala langa lasiliva, anadula linya, anakhala pampando n'kutsitsa chitsulo chija pamimba pake. Atadina kabatani, kanyali kanazima. Anati handibuleki inalibe vuto lililonse, imangokana kumasuka ngati munthu sanadzitchinge ndi chitsulocho. Anakweza kafosholo pa lole n'kumapita. Msewu uli momwe unalili, ndipo Olemekezeka anapambananso, ena amati chifukwa anthu anawamvera chisoni.

Za chitengwa amalume sanatalikitse. Anati mwana wawo sangapite ku Dambe ndi munthu amene amachotsa mabuleki pa zinthu zimene sakuzidziwa, ndipo munthu wotere ndi bwino azikhala pafupi, pomwe abale angamuone. Ndinabwerera pansi pa mtengo wa mango ndi machubu anga.

Masiku angapo atapita, ndili pakhonde, apongozi anaima kuseri kwa mpanda wa nyumba yathu. Sanayang'ane kwa ine. Anayang'ana galu wathu amene anagona pafupi ndi nkhokwe, n'kulankhula mokweza.

"Iwe galu, ukawauze atate a Chisomo kuti ulemu wawo tauona ndipo tathokoza. Koma tsiku lina nyumba ikamadzapsa ine ndili m'katimo, asadzapite kukafuna mkazi wawo ku gule. Adzangokuwa."

Manyazi anandigwira mpaka m'zikhadabo. Ndinadziwa kuti apa mpamene munthu wanzeru amaimirira, n'kuyang'ana apongozi ake, n'kupepesa ndi pakamwa pake. Ndinakonza kukhosi, ndinatembenukira kwa galu uja.

"Ukawauze kuti ndamva."