Matildah Wobwereka Dzanja

Lachiwiri pa 14 Okutobala 2025, Matildah Chimwaza anakwera ndege n'kuchoka mu Dubai osatsanzika a Potiphar Kachingwe. Mlandu ndi umenewu, ndipo aliyense woti ndi waung'ono sanaleredwe bwino. Munthu ukabwereka ngakhale singano umabweza n'kunena zikomo. Matildah anabwereka dzanja la munthu wamkulu kwa zaka zinayi.

Amalawi onse a ku International City, dera la mu Dubai momwemo, ankamudziwa ndi khalidwe limeneli. Sankamwa tiyi pamalo odyera osajambula chithunzi, ndipo pambali pa kapu pankayenera kuoneka dzanja la mwamuna. Nkhope ayi, dzanja lokha. Chithunzicho chinkapita pa sitetasi ya pafoni kuti mayi ake ku Kasungu azigona tulo, komanso kuti anzake a kusekondale, omwe onse anali pabanja, aleke kumulembera kuti akumupemphererabe.

A Kachingwe anaphunzitsa jogalafe ku Ntcheu zaka zambiri asanabwere kudzayang'anira sitolo ya zipangizo za galimoto ku Ras Al Khor. Mbuna imeneyi anagweramo Lamlungu lina atatuluka m'tchalitchi. Ankamwa tiyi wawo wamkaka wotchedwa karak mwamtendere pamene mayi wa zikhadabo zazitali, Matildah yemweyu, anadzakhala moyang'anana nawo.

"Bambo, wotchi yanuyo ndi yokongola. Taikani dzanja apa."

"Kodi timadziwana?"

"Tidziwana. Yalla, tiyeni, musagwedezeke."

Matildah anajambula dzanjalo, koma atayang'ana chithunzicho anakwinya nkhope, n'kutulutsa mafuta odzola m'chikwama, n'kuyamba kuwapaka m'zala. Pagulu! Munthu amene ana ake a sukulu lero ndi madokotala! Koma a Kachingwe analola, poti mwanayo ankayankhula Chichewa chosasakaniza ndi mantha, ndipo atamaliza anawatcha malume.

Dzanjalo linapatsidwa dzina loti Edwin. Edwin anali injiniya, wosamwa mowa, wamanyazi ndi kamera. Anadya ayisikilimu ku Jumeirah Lake Towers, pafupi ndi saluni imene Matildah ankagwirako ntchito. Ananyamula maluwa obwereka pakhomo pa shopu. Tsiku lina anagwira chiwongolero cha galimoto yapamwamba imene inabwera kudzakonzedwa ku Ras Al Khor, ilibe ndi matayala omwe.

Koma mayi a ku Kasungu sanali opusa. Anaimba foni a Kachingwe ali pomwepo.

"Iwe Matildah, dzanja la Edwin wakoyu likuoneka kuti linavota nawo pa referendamu."

"Ndi dzuwa la kuno, amayi. Limakalambitsa khungu."

"Mpatse foni ndimulonjere."

Matildah anatseka foni ndi chikhatho n'kuwayang'ana ngati mbuzi yomangidwa pamsika. A Kachingwe anapukusa mutu. "Dzanja ndabwereketsa. Pakamwa sindibwereketsa. Ndine mkulu wa mpingo."

Motero Edwin anasamutsidwa mwadzidzidzi kupita ku Canada, kumene anakaiwala chikondi. Mayi aja anatengera nkhaniyi kumapemphero a amayi, n'kupempha kuti dzanja lonyenga mwana wawo liume. Sabata yomweyo a Kachingwe anagwidwa ndi nyamakazi m'zala, ndipo mpaka lero savomera kuti zinangochitika. Kodi Matildah anamva chisoni? Anangoti, "Ndiye tigwiritse lamanzere." Lamanzerelo linatchedwa Maurice.

Amuna enieni analiponso, ndipo ndi amene ankamudwalitsa. Mwamuna akawerenga uthenga wake osayankha, saluni yonse inkadziwa, makasitomala n'kumatuluka ndi zikhadabo zamitundu iwiri. Akayankha msanga, Matildah ankati ndiye kuti ndi lova. Ankawaimbira a Kachingwe ali pamwamba pa makwerero, atanyamula bokosi la mabuleki.

"Malume, ndamufunsa ngati tionane Lamlungu, ndiye wangoti chabwino."

"Ndiye kuti wavomera."

"Osaikapo kamtima? Kapena ndi chithunzi chija ndaoneka wonenepa masaya?"

"Iwe, ine ndigwa pano!"

Kwathu mwamuna wofuna mkazi amayamba waonekera kwa atsibweni. Ku Dubai kulibe atsibweni, choncho udindowo unagwera a Kachingwe, ndipo anaugwira monga ankagwirira mayeso. Abraham wa ku Mchinji, woyendetsa takisi, anafika akununkhira ngati shopu yonse ya perefyumu yamugwera. Anayankha bwino za mudzi wake, mpingo wake ndi mfunda wake. Atafunsidwa kuti munda wake kumudzi akulima ndani, anatsamwa ndi tiyi. Kunapezeka mkazi ndi ana atatu ku Kamwendo.

Matildah sanathokoze. "Malume, mukanadikira abweretse kaye chakudya. Ine ndasala nkhomaliro kuti diresi iyi indikwane."

Wina anapezeka kuti mapepala ake anatha ndipo ankafuna pobisala. Wina anatchula mayi ake m'yankho lililonse, ngakhale pofunsidwa za nsapato. A Kachingwe sanaphonyepo ndi mmodzi yemwe, ndipo ankayenda chifuwa chili patsogolo.

Chaka chatha mng'ono wake wa Matildah, amene iye anamubereka kumsana, anachita chinkhoswe ku Kasungu. Matildah anaonera pafoni ali pamalo odyera ndi a Kachingwe, akuvina yekha pampando, akululutira mpaka operekera zakudya kutembenuka. M'basi yobwerera ku International City anatsamira zenera n'kukhala chete, chinthu chimene a Kachingwe anali asanachionepo.

"Malume, inu mumapeza chilema pa munthu aliyense. Changa ndi chiti? Ndiuzeni zoona."

A Kachingwe anaganiza ndithu, poti sanali munthu wogawa malikisi aulere. "Umayankhula ukutafuna. China sindinachione."

Matildah anaseka mpaka zopaka m'maso kusungunuka. Kenako anati, "Akadzapezeka weniweni, inshallah, ankhoswe ndinu. Osati atsibweni anga a ku Kasungu aja, ongondikumbuka Khirisimasi ikayandikira."

Kwa iye mwina anali mawu a m'basi. A Kachingwe ana awo aakazi awiri anakwatiwa iwo ali kuno, abwana atakana tchuthi, n'kuonera ukwati pafoni ngati munthu wodutsa. Mawu a Matildah anawasunga. Anakasoketsa suti yotuwa kwa telala, n'kuyamba kuyeseza zokayankhula pamaso pa akuchimuna, ali okha pakati pa mashelefu.

Nkhani ya ulendo anaimva Lachitatu m'mawa pokwerera basi, kuchokera kwa Lindiwe, Mzambiya wa ku Chipata amene ankagona chipinda chimodzi ndi Matildah.

"Ba Malume, simunamvele? Matildah anayenda dzulo. Ali na Kapambwe, uja wokonza ma AC oziziritsa m'nyumba. Bazakakwatilana ku Kasungu."

"Kapambwe wake uti? Patebulo langa sipanakhale Kapambwe."

"Ndiye chifukwa chake. Anakamba ati, 'Ba Malume bakamufunsa bazapeza kanthu. Ine nalema kupeza. Uyu nifuna nimudziwe neka, pang'ono pang'ono.'"

"Wandisiyira mawu?"

Lindiwe anayang'ana kumene kunkachokera basi, ngakhale basiyo inali isanaoneke.

A Kachingwe ndi munthu wophunzira, ndipo zakuti mwanayo anatopa azimvetsa. Mwina Kapambwe ali ndi chilema. Ndani alibe? Akwatiwe naye, abereke mapasa, akalambe akukangana za rimoti. Unkhoswe nawo, ngati wapita kwa atsibweni a Khirisimasi aja, magazi ndi magazi, iwo ameza. Chimene chawakhala pakhosi ndi kusatsanzika. Nyumba yawo ndi ya Matildah zimayang'anana, pakati pali poimika magalimoto basi. Takisi yopita ku bwalo la ndege inadutsa pansi pa zenera lawo. Kugogoda, kupinda bondo, n'kunena kuti malume ndapita, kukanamuchedwetsa ndege?

International City tsopano yangokhala nyumba zofananafanana ndi fumbi. Pokwerera basi anthu akungoyang'ana mafoni awo, palibe woseka mpaka njiwa kuthawa. Atsikana a kutchalitchi akuvutika ndi zibwenzi zawo mwakachetechete, aliyense pakama pake, poti amene ankanena mokweza zimene onse amaopa kulibe. Lamlungu a Kachingwe akumapita kunyumba mapemphero akangotha, n'kufika dzuwa likadali pamutu, osadziwa chochita ndi masana onsewo.

Sakufuna tikiti ya ndege. Sakufuna mphatso, ngakhale chidutswa cha keke. Akufuna yankho, ndipo ali nalo ufulu. Iwe Matildah Chimwaza, kulikonse uliko, pamene unkawatcha a Kachingwe kuti malume, unkanena zoona kapena ayi? Nambala yawo sinasinthe. Yankha.