Tinathamanga Atatu, Anaonda Mmodzi

Lolemba
Chinkhoswe cha mng'ono wanga chili Loweruka. Akuchikazi ndi anzathu tonse tivala nsalu imodzi. Diresi langa ndinauza atelala a ku Mchesi kuti asoke lothina dala, poti ndayamba kuthamanga. Anati, "Amayi, ine ndimasokera thupi lomwe labwera, osati lomwe likubwera." Ndinawakakamiza.

Mwezi wonsewu tikuthamanga atatu m'mamawa, kuchoka ku Kawale mpaka ku Biwi: ine, Nambewe woyandikana naye nyumba, ndi Amayi a Tadala a kukwaya. Msewu umodzi, fumbi limodzi. Zotsatira:
- Nambewe: siketi ikuvuka yokha.
- Amayi a Tadala: liwiro, kwinaku akusimba miseche.
- Ine: njala.

Ndayesa diresi. Zipi yafika pakati pa msana n'kuima ngati minibasi yodikira anthu. Masiku akadalipo!

Lachiwiri
Nambewe akuti chinsinsi chake ndi madzi otentha a mandimu. Ndamwa. Mandimu angotsegula njira, zitumbuwa zalowa bwino kwabasi.

Chondiwawa n'chakuti Nambewe amadya kuposa ine. Ndamuona ndi maso angawa pachiwaya, akupempha kuti amuwonjezere chipisi. Ambuye, enafe tinalakwanji?

Lachitatu
Lero ndawonjezera moto. Ndawasiya anzanga m'mbuyo, ndadutsa ndekha pamsika, chitenje m'chiuno, mpango wagwera uko. Mayi wa tomato wakuwa: "Kwagwanji? Watisiya ndani?" Akabaza awiri: "Kwerani amayi, kuchipatala tifika msanga!" Bambo wina wanditsatira ndi mpini, akufunsa komwe wakubayo walowera. Mpweya woyankhira ndilibe. Ndangoloza kutsogolo. Bamboyo wathamangira komweko.

Lachinayi
Miyendo yakana. Kuti ndikhale pampando mpaka ndigwire khoma. Amayi a Tadala abwera kudzandizonda, akudumphadumpha pakhomo ngati dzulo sanathamange. Akuti matupi amasiyana, ena amamva msanga, ena mochedwa. Ndiye langa ndi gonthi.

Abambo a kunyumba akuti, "Komatu ukuoneka wamphamvu." Wamphamvu! Ndine ng'ombe yapangolo ine?

Zipi ili pomwe paja. Kapena yatsikako, sindikufuna kudziwa.

Lachisanu
Ndathamangira kwa atelala kuti awonjezere nsalu m'mbali. Ndafika ku Mchesi osaima n'komwe panjira, koma zimenezo zindithandiza chiyani? Nsalu yotsala palibe, ndipo kusitolo mtundu umenewo unatha, tinagula tokha wonse. Atelala angoti, "Paja ndinanena."

Ndalira pang'ono pobwerera. Mkulu wake weniweni wa mwini chinkhoswe, ndekha wovala zosiyana ndi anzanga! Azakhali a ku Ntcheu adzaiyimba nkhaniyi mpaka Khirisimasi.

Loweruka
M'mawa Nambewe wagogoda, diresi lake lili m'manja, misozi ili lengelenge. Iye anayezetsa tisanayambe kuthamanga, tsopano likumulendewera ngati thumba. Tayang'anizana. Tasinthana.

Langa lamukhala ngati anabadwa nalo. Lake landikwana ine, zipi fyuu mpaka m'khosi! Nambewe yemwe uja tinkamuseka kuti ndiye wonenepa pa tonse. Ndiye kuti udindowo tsopano wagwera ine.

Kuchinkhoswe ndavina osakhala pansi. Nambewe watopa nyimbo zisanapite patali, wakhala pakona akudzikupiza ndi mpango. Amayi a Tadala apumira madzi. Ine ndikadali pabwalo! Azakhali: "Koma mwana ameneyu anameza jenereta?"

Lamulungu
Kutchalitchi aliyense akuyamikira Nambewe kuti dzulo anatchena. Ndi diresi langa. Ine akungondifunsa ngati miyendo ilipo.

Basi, ndavomera. Msewu womwewo unapatsa Nambewe chiuno, Amayi a Tadala liwiro, ine mpweya wovinira ndi njala. Mawa ndipitabe, poti pobwerera timadutsa pa zitumbuwa.

Potuluka ndakumana ndi atelala. Akuti amva kuti msuweni wanga naye akumanga chinkhoswe posachedwa. "Tiyeze thupi liti, amayi?"

Ndati lomwe labwerali.